Kumene Kuli Zinthu Zakale za ku Macanga ndi Tsangano

Maboma a Macanga ndi Tsangano ali kumtunda kwa chigawo cha Tete ku Mozambique, kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi, ndipo onse awiri amachita malire ndi Malawi. Likulu la Macanga ndi Furancungo, ndipo kumpoto kwa bomali kuli mapiri a Dzalanyama. Tsangano, lomwe linadulidwa ku Angónia mu 1986, layang'anizana ndi Ntcheu. Ndi dera lozizira, la kachewere ndi tirigu. Anthu ambiri a maboma awiriwa ndi Achewa ndi Angoni, ndipo chilankhulo, mafuko ndi miyambo yawo n'zimodzimodzi ndi za abale awo a ku Dedza, Ntcheu, Lilongwe ndi Katete. Zinthu zakale za maderawa ndi madera oyandikana nawo zinasungidwa m'njira ziwiri zosiyana kwambiri. Zina zinatengedwa ndi alendo n'kukaikidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zamakedzana, mamyuziyamu, ku Paris, Berlin ndi Lisbon, ndipo zambiri mwa izo zili m'zipinda za kuseri zomwe anthu odzaona salowamo. Zina zinatsala m'manja mwa eniake, kudambwe, kutsimba, pakachisi ndi kunyumba za mafumu. Choncho kumamyuziyamu kuli zinthu zosowa wozifotokoza, pamene kumudzi kuli akuluakulu otha kuzifotokoza koma sanazionepo.

Dzina la Macanga limakumbutsa ufumu wa Makanga, umene unakula m'zaka za m'ma 1800 m'manja mwa banja la Caetano Pereira. Kholo la banjali, Gonçalo Caetano Pereira, anachokera ku Goa ku India cha m'ma 1760. Ankakumba golide ndi kuchita malonda kumpoto kwa Tete, m'dziko la Undi, mfumu ya Achewa, ndipo anthu anamutcha Dombo Dombo. Mwana wake Manuel anakafika kwa Mwata Kazembe mu 1796, ndipo mu 1798 anaperekeza ulendo wa Francisco de Lacerda wopita komweko. Amene anasandutsa malo a banjali kukhala ufumu weniweni ndi Pedro Caetano Pereira, wodziwika kuti Chamatowa. Iyeyu anakwatira m'banja lachifumu la Achewa, anasonkhanitsa asilikali a Chikunda, ndipo olowa m'malo mwake analamulira ali m'linga la ku Muchena, lomwe lero lili m'boma la Chiúta. Chuma chawo chinali minyanga ndi akapolo, ndipo midzi yambiri ya Achewa inaona nawo mavuto. Ndi Apwitikizi ankamenyana, nthawi zina n'kumvana, mpaka mu 1902 pamene Chinsinga, mfumu yomaliza ya Makanga, anagonjetsedwa.

Cha kum'mawa, Angoni a Maseko anakhazikika mozungulira phiri la Domwe cha m'ma 1870, motsogozedwa ndi Chidyaonga, kenako Chikuse. Pangano la pa 11 Juni 1891 pakati pa Britain ndi Portugal linadula pakati dziko la Angoni ndi la Achewa. Likulu la Gomani, mfumu ya Angoniwo, linakhala mbali ya Angelezi, Angoni ena n'kutsala mbali ya Apwitikizi, ndipo m'zaka za m'ma 1930 Undi anachoka ku Mano n'kukakhala ku Northern Rhodesia, lero Zambia, kumene Kalonga Gawa Undi amalandirira mafumu a mayiko atatu pa mwambo wa Kulamba. Malirewa anakhudzanso zosungidwa. Chishango chotengedwa m'mudzi wina chinalembedwa kuti n'cha m'dziko la Apwitikizi, chinzake chotengedwa kutsidya kwa dambo lomwelo n'kulembedwa kuti n'cha ku Nyasaland, ndipo ziwirizo zinakathera m'mayiko osiyana, m'makaundula a zilankhulo zosiyana.

Limodzi mwa mabuku akale kwambiri ofotokoza zipangizo za anthu a kumpoto kwa Tete ndi la António Gamitto, amene anali wachiwiri kwa José Monteiro pa ulendo wa kwa Kazembe wa 1831 mpaka 1832. Bukuli, O Muata Cazembe, linasindikizidwa ku Lisbon mu 1854, ndipo muli za kusungunula chitsulo, kuluka nsalu za thonje ndi miyambo ya maliro ya Amaravi ndi Achewa. Kutolera zinthu zenizenizo kunakula kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mfalansa wina, Édouard Foà, anayenda m'chigwa cha Zambezi ndi kumtunda kwake kuyambira 1891 mpaka 1893, anabweranso mu 1894, ndipo anadutsa m'Makanga m'zaka zomaliza za ufumuwo. Anali mlenje wa njovu ndi mikango. Zikopa, tizilombo ndi nsomba anazitumiza ku myuziyamu ya zachilengedwe ya ku Paris, pamene zipangizo za anthu anazipereka ku myuziyamu ya Trocadéro. Katundu wa Trocadéro anasamukira ku Musée de l'Homme kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, kenako ku Musée du quai Branly, yomwe inatsegulidwa mu 2006. Kusamuka kulikonse kotere kumafuna kuti chinthu chilichonse chiwerengedwe, chiyezedwe ndi kufananizidwa ndi zolembedwa zake, ndipo ndi pa nthawi ngati imeneyi pamene timapepala timathothoka, mivi n'kusiyana ndi uta wake.

Mjeremani Carl Wiese, wamalonda a minyanga amene anakhalapo kwa Mpezeni, mfumu ya Angoni, anakumba m'phanga la Chifumbazi, kumadzulo kwa Macanga, mu 1907. Mapale a mbiya amene anapeza anawatumiza ku myuziyamu ya ku Berlin. Mapalewo anasungidwa limodzi ndi dzina la malo amene anachokera. Patapita zaka zambiri, katswiri wofukula zakale David Phillipson anatenga dzina la phangalo n'kulipereka ku chikhalidwe chonse cha alimi oyamba osula zitsulo amene anafalikira kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa zaka pafupifupi 2000 zapitazo, ndipo mpaka lero mabuku amachitchula kuti Chifumbaze. Akanakhala kuti wina ku Berlin anataya kapepala ka mapalewo, akanasanduka zinyalala wamba.

Boma la Apwitikizi linatumiza akatswiri akeake. Joaquim Rodrigues dos Santos Júnior wa pa yunivesite ya Porto anatsogolera maulendo asanu ndi limodzi ku Mozambique pakati pa 1936 ndi 1956, ndipo awiri oyambirira, a 1936 ndi 1937, anali a m'chigawo cha Tete. Anakopera zojambula za pamiyala za ku Chifumbazi, anatolera zida za miyala, zipangizo za pakhomo ndi mankhwala a asing'anga, ndipo anajambula zithunzi zambiri. Anayezanso mitu, mphuno ndi misinkhu ya anthu, pofuna kuwagawa m'mitundu malinga ndi maganizo a tsankho a nthawi imeneyo. Anthu oyezedwawo anali pansi pa ulamuliro wa atsamunda, ndipo kukana kunali kovuta. Katunduyu anasungidwa ku Lisbon ndi bungwe la Instituto de Investigação Científica Tropical, ndipo bungweli litathetsedwa mu 2015 anapita m'manja mwa yunivesite ya Lisbon. Za Macanga weniweniyo, buku lofunika kwambiri ndi la António Rita-Ferreira, wogwira ntchito m'boma la atsamunda, lotchedwa Os Cheuas da Macanga, la mu 1966. Mu 1968 analembanso nkhani ya nyau pakati pa Achewa a ku Mozambique. Kumapeto kwa zaka zomwezo za m'ma 1960, Allen Isaacman anajambula mawu a akuluakulu a m'chigawochi, ndipo zambiri zodziwika za Chamatowa ndi adzukulu ake zinatuluka m'kamwa mwa nkhalamba zimenezo.

Ntchito yaikulu ya myuziyamu imagwiridwa kuseri, ndipo imayambira pa kaundula. Chinthu chikalowa, kaya ndi kalimba, sompho kapena nsengwa, chimapatsidwa nambala yakeyake imene sidzapatsidwanso china. Nambalayo imalembedwa ndi inki pamalo obisika a chinthucho, pamwamba pa utoto woonekera umene ungachotsedwe osawononga mtengo, kapena pa kapepala komangirira ndi ulusi. Ku quai Branly, zinthu zochokera ku Musée de l'Homme zili ndi nambala yoyamba ndi 71, kutsatire chaka chimene zinalowa, nambala ya gulu la wozibweretsa, ndi nambala ya chinthucho m'gululo. Munthu wodziwa kuwerenga nambala yotere amadziwiratu chaka ndi wopereka asanatsegule buku lililonse. M'kaundula mumalembedwa dzina la chinthu, chomwe anapangira, kutalika ndi kulemera kwake, kumene chinachokera, amene anachibweretsa ndi njira imene anachipezera. Kenako chimajambulidwa, n'kupatsidwa malo ake: chipinda, kabati, shelefu. Chikachotsedwa pamalopo, ngakhale kwa ola limodzi, wochitenga amalemba. M'nyumba ya zinthu zikwi mazanamazana, chinthu choikidwa pa shelefu yolakwika popanda kulemba chimakhala ngati mbuzi yolowa m'khola la eni: ilipo ndithu, koma mwini wake aisaka mpaka kutopa.

Vuto la zinthu za kumpoto kwa Tete lili pa mizere ya kaundula imene inasiyidwa yopanda kanthu. Otolera a nthawi ya atsamunda ankalemba dzina lawo ndi chaka mosamala, koma pa malo ochokera ankangolemba kuti Zambezi, Tete kapena Angoniland. Dzina la mudzi silipezeka kawirikawiri, ndipo dzina la mmisiri amene anasema kapena mayi amene anaumba pafupifupi silipezeka konse. Mtundu wa anthu unkalembedwa monga mlendoyo anamvera kwa womasulira wake: Marave, Cheua, Cewa, Zimba, Nyanja. Wofufuza pa kompyuta amene walemba mawu amodzi okha, Chewa, amaphonya zambiri zomwe zili pansi pa mayina enawo. Njira imene chinthu chinapezekera ndiyo imabisika kwambiri. Mawu akuti mphatso angatanthauze mphatso yeniyeni ya mfumu kwa mlendo, angatanthauzenso chinthu chimene mudzi unapereka mfuti zili pabwalo. Kuti adziwe zoona, wosunga zinthu amayenera kutenga buku la ulendo la wotolerayo, makalata amene analembera myuziyamu ndi mapu akale, n'kutsatira tsiku ndi tsiku kumene anagona. Ndi ntchito yochedwa, yosaoneka kwa odzaona, koma ndi yokhayo imene ingabwezere dengu kapena ng'oma kumudzi kwake, ngakhale papepala pokha.

Ntchito yachiwiri ndi kulimbana ndi kuwonongeka. Zinthu zambiri za Achewa ndi Angoni n'za mtengo, nsungwi, mlaza, chikopa, nthenga ndi thonje, zomwe ndi chakudya cha chiswe, njenjete ndi tizilombo tofumbutsa mitengo. Chinyezi chikachuluka zimachita chuku ndipo zitsulo zimagwira dzimbiri. Mpweya ukauma kwambiri, chikopa cha ng'oma chimang'ambika ndipo mtengo umachita ming'alu. N'chifukwa chake zipinda zosungiramo zimakhala za mdima, ndipo osunga amayesetsa kuti chinyezi chikhale cha pakati, pafupifupi 50 pa 100 alionse, osakwera ndi kutsika mwadzidzidzi. Chinthu chokayikitsa kuti chili ndi tizilombo chimakulungidwa m'pulasitiki n'kuikidwa m'firiji yozizira madigiri 20 kapena 30 pansi pa ziro kwa masiku angapo. Kale ankathira mankhwala a poizoni monga arsenic, ndipo mankhwalawo akadali pa nthenga ndi zikopa zambiri zakale, moti ozigwira amavala magolovesi. Mfundo imeneyi ndi yofunika pa nkhani yobweza zinthu kwa eniake, chifukwa chigoba chothiridwa poizoni sichingavalidwenso kumaso popanda kuchiyeza.

Kusunga zinthu mwadongosolo sikunabwere ndi azungu. Ku Msinja, kutsidya kwa Dzalanyama mbali ya Malawi, kachisi wa Makewana anali ndi antchito ake, aliyense ndi udindo wake, ndipo ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri inali ndi woisunga ndi kuiimba, Tsang'oma. Mfumu ya mzinda imasunga zizindikiro za ufumu wake ndipo imazipatsira kwa wolowa m'malo pamaso pa mbumba. Kudambwe kuli akuluakulu odziwa chilombo chilichonse, dzina lake, nyimbo zake, ng'oma zake ndi nthawi yoyenera kutuluka. Anamkungwi amasunga malango a chinamwali. Kwa Angoni, chishango, nthungo, chibonga ndi nyoni zimatuluka pa ngoma ndi pa maliro a mfumu, ndipo zimayenda limodzi ndi zithokozo za makolo. Kaundula wa zonsezi ali m'mitu ya anthu, ndipo ali ndi malamulo okhwima okhudza amene angaone, amene angagwire ndi amene angauzidwe.

Njira ziwirizi zimasemphana pa mfundo imodzi yaikulu. Myuziyamu imafuna kuti chinthu chikhale zaka mazana osasintha. Mwambo wa Achewa nthawi zina umafuna kuti chinthu chithe. Zilombo zikuluzikulu monga Kasiyamaliro ndi Chimkoko zimatenthedwa mwambo ukatha, ndipo wina ukadzafika zimawedzedwa zina. Zoumba zimene anamkungwi amaphunzitsira anamwali zimaphwanyidwa chinamwali chikatha. Chimene chimasungidwa ndi luso ndi tanthauzo, zomwe zimapatsiridwa kwa olowa kumene. Motero chigoba cha gule chopezeka m'kabati kunja kwa dziko chimadzutsa mafunso amene khasu kapena mtondo sungadzutse: chinachoka bwanji kudambwe, ndipo ndani analoleza kuti osalowa achione chili chopanda wovina? Amishoni mbali zonse za malire analimbana ndi gule kwa zaka zambiri, ndipo kulanda zigoba inali imodzi mwa njira zawo. Malo apafupi amene anayesa kugwirizanitsa njira ziwirizi ndi Kungoni ku Mua m'boma la Dedza, yomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Myuziyamu yake ya Chamare ili ndi zigoba za gule wamkulu zoposa 400 ndiponso zipinda zofotokoza za Achewa, Angoni ndi Ayao. Phindu lake lalikulu lili pa zolembedwa: dzina la chilombo, nyimbo yake ndi phunziro lake zinalembedwa kuchokera kwa anthu odziwa, zomwe makaundula ambiri a ku Ulaya alibe.

Zomwe zinatsala kumudzi zinadutsa m'nkhondo ziwiri. FRELIMO inatsegulanso nkhondo ya ufulu m'chigawo cha Tete mu 1968, ndipo Apwitikizi anasamutsira anthu ambiri m'midzi ya mpanda yolonderedwa ndi asilikali. Dziko litalandira ufulu mu 1975, boma latsopano linachotsa mphamvu za mafumu ndipo linkaona miyambo yambiri ngati zamdima, ngakhale kuti boma lomwelo, pakati pa 1978 ndi 1982, linatumiza anthu m'maboma kukalemba magule, nyimbo, zoimbira ndi malo a mbiri. Ntchito imeneyo ndiyo inabala bungwe la ARPAC, lomwe limasunga ndi kufufuza za chikhalidwe. Lamulo loteteza chuma cha chikhalidwe, nambala 10/88, linakhazikitsidwa mu Disembala 1988, nkhondo yapachiweniweni ili mkati. Nthawi imeneyo midzi yambiri ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga inali mabwinja. Anthu pafupifupi 1 miliyoni a ku Mozambique anathawira ku Malawi, ndipo ku Dedza ndi Ntcheu ambiri anakhala pakati pa abale awo. Wothawa usiku amanyamula mwana ndi ufa. Ng'oma, zishango ndi mipando ya mafumu zinatsala m'nyumba zimene zinapsa kapena kudyedwa ndi chiswe, ndipo m'malo ambiri mabuku a m'maofesi ndi a kumishoni anawonongeka. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera ndi zomwe anasunga m'mutu, madambwe anatsegulidwanso, ndipo lamulo la 15/2000 linazindikiranso mafumu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia.

Myuziyamu ya dziko lonse ya za chikhalidwe ku Mozambique ili ku Nampula, ndipo inatsegulidwa mu 1956; nkhokwe ya zikalata zakale za dziko ili ku Maputo. Konseko ndi kutali kwambiri ndi Furancungo, ndipo mwana wa sukulu wa ku Tsangano ali pafupi ndi Mua kuposa Nampula. Koma pali zakale zina zimene sizingasunthidwe: malo a malinga ngati la ku Muchena, zotsalira za ng'anjo zosungunulira chitsulo, manda a mafumu ndi mapanga a zojambula. Zojambula zofiira ndi zoyera za ku Chongoni ku Dedza, malo 127 amene UNESCO inawavomereza mu 2006, ndi mbali ya mwambo umodzi wopitirira kulowa m'chigawo cha Tete ndi kum'mawa kwa Zambia, ndipo kafukufuku wa Leslie Zubieta anasonyeza mgwirizano wa zojambula zina zoyera ndi chinamwali. Adani a malo otere ndi moto wolusa, mwaye wa moto wa osaka ndi abusa, kulemba mayina ndi makala pamwamba pa zojambula, ndi kudula mitengo imene imatchinjiriza mwala ku dzuwa ndi mvula. Kuwasamala kumayambiranso pa kaundula yemwe uja: dzina la malo monga eniake amalitchulira, mfumu ya deralo, malo ake pamapu, zithunzi zokhala ndi tsiku, ndi dzina la amene wapatsidwa udindo wowayang'anira.

Kuyambira mu 2018, pamene Felwine Sarr ndi Bénédicte Savoy anapereka lipoti lawo ku boma la France, nkhani yobweza zinthu za mu Africa yakula, ndipo mamyuziyamu ambiri ayamba kuika makaundula awo pa intaneti. Kwa Macanga ndi Tsangano, ntchito yoyamba ndi kudziwa zomwe zilipo, popeza dziko kapena mfumu singapemphe chinthu chimene sichinalembedwe poyera. Makaundulawo ali m'Chifalansa, Chijeremani ndi Chipwitikizi, ndipo ayenera kuwerengedwa limodzi ndi mabuku a Foà, Wiese ndi Santos Júnior kuti zinthu za m'maderawa zipatulidwe pa mulu waukulu wolembedwa kuti Zambezi. Zikapatulidwa, zithunzi zake zimafunika kufika kwa mafumu, anamkungwi, akuluakulu a kudambwe ndi amisiri osula ndi oluka, aliyense kuonetsedwa zoyenera iye, kuti atchule dzina lenileni la chinthu, mtengo umene chinasemedwa, ntchito yake, ndi kunena ngati n'chololedwa kuonetsedwa pagulu kapena ayi. Mayankho awo amalembedwa m'kaundula m'Chichewa, limodzi ndi dzina la mudzi, tsiku, ndi dzina la wofotokozayo ngati iye wavomera. Nkhalamba zimene zinabadwa nkhondo ya 1968 isanayambe, zomwe zinaona zipangizo zakalezi zikugwira ntchito pakhomo pa agogo awo, tsopano zili ndi zaka pafupifupi 60 kapena kuposerapo.